Kukaona mudzi wa 1866 ku Upper Canada Village: werengani izi musanandiimbire

Kukangoyamba kufunda kuno ku Ottawa, foni yanga imadzaza ndi funso limodzi. Uyu makolo ake akubwera kudzaona mdzukulu, uyo mlamu wake wabwera ku msonkhano ndipo watsala ndi tsiku limodzi lopanda chochita. "Achimwene, kumudzi kwamakedzana kuja munapita ndi malume anu, amapitako bwanji? Ndalama zake sizingolowa m'madzi?" Ndatopa n'kujambula mawu pa WhatsApp mpaka pakhosi kuuma. Ndalemba kamodzi pano, ndipo wofunsanso ndizingomutumizira zomwezi.

Malowo dzina lake ndi Upper Canada Village. Ali m'chigawo cha Ontario, pafupi ndi katauni ka Morrisburg, m'mphepete mwa mtsinje wa St. Lawrence.

1. Dziwani kaye chimene mukukaona

Eni ake amati living history, kutanthauza mbiri yakale imene ikuchitika inu mukuona. Si ngati kunyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri kumene zambiri zimangokhala phee kuseri kwa galasi ndi kapepala kofotokoza. Kuno chigayo chimagaya, wosula zitsulo amapopa mvukuto, mayi wovala diresi lofika m'mapazi amasonkhezera moto n'kuphika chakudya chenicheni. Onsewa ndi antchito olembedwa. Madzulo amavula zovalazo, n'kukwera magalimoto awo kupita kwawo. Ndikunena izi chifukwa mlendo wanga wina anawamvera chisoni mpaka kuyamba kupisa m'chikwama, poganiza kuti boma linawaiwala.

Mudziwu unatsegulidwa mu 1961, uli ndi nyumba zoposa 40, ndipo umasonyeza moyo wa m'zaka za m'ma 1860, makamaka 1866. Chaka chimenecho David Livingstone anali akudutsa kumwera kwa nyanja ya Malawi pa ulendo wake womaliza, mishoni ya Blantyre kulibe, poti iyo inadza mu 1876. Ngakhale dziko la Canada monga tikulidziwa leroli linali lisanabadwe. Linabadwa pa 1 Julayi 1867.

Mawu awiri amasokoneza anthu. Upper Canada si kumpoto kwa Canada ayi. Ndi dzina lakale la dera limene lero ndi kumwera kwa Ontario, ndipo anatero chifukwa lili kumtunda kwa mtsinje, kumene madzi akuchokera. Enawo ndi pioneer, amene mudzawamva tsiku lonse. Amanena Azungu oyamba kudzagwetsa nkhalango ndi kutsegula minda. Ambiri a m'mbali imeneyi anafika mu 1784 kuthawa ku America, atakhala kumbali ya mfumu ya Britain pa nkhondo imene Amereka anapezera ufulu. Amawatchula kuti Loyalists. Koma pofika 1866 amene mukuwaonawo ndi ana ndi zidzukulu, okhazikika kale, okhala ndi tchalitchi, sukulu ndi nyuzipepala yawo. Ndiye musayembekezere misasa ya m'tchire.

2. Sankhani mwezi ndi tsiku

Mudzi umagwira ntchito m'nyengo yofunda yokha, kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Seputembala. Masiku enieni ndi mtengo wa tikiti zimasintha chaka ndi chaka, choncho onani pa webusaiti yawo usiku woti mawa mukupita. Amene amayang'anira malowa ndi St. Lawrence Parks Commission, nthambi ya boma la Ontario.

Cholakwa chimene ndachiona kangapo: munthu waona zithunzi zokongola za nyali zambirimbiri mu Disembala, kapena za maungu osemedwa owala usiku mu Okutobala, n'kuganiza kuti ndi ulendo womwewu. Zimenezo ndi zisangalalo zina, Alight at Night ndi Pumpkinferno. N'zokoma, koma simukaona chigayo chikugaya kapena ng'ombe zili pagoli.

Ntchito za pamudzi zimatsata nyengo. Kumayambiriro amameta nkhosa ndi kubzala, pakati amamweta udzu wa ziweto, kumapeto amakolola. Ine ndimakonda Julayi pakati pa sabata. Mu Juni mumakumana ndi mabasi a ana asukulu, ndipo m'kanyumba kakang'ono mukalowa ana 30, inu mungoimirira pakhomo n'kumaona zipewa.

3. Mayendedwe

Kuchokera ku Ottawa ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa pa galimoto. Kuchokera ku Montreal ndi pafupifupi ola ndi theka, kuchokera ku Toronto maola anayi, kudzera mumsewu waukulu wa Highway 401. A ku Toronto musadzinamize kuti mupita n'kubwerera tsiku lomwelo muli ndi agogo ndi ana. Gonani ku Cornwall kapena ku Brockville.

Kuno kulibe zoima pamsewu n'kukweza dzanja kuti minibasi iime. Sitima ya VIA Rail imaima ku Cornwall, koma kuchoka apo patsalabe mtunda wofuna takisi, ndipo kubwera kwake muyenera kupangana naye pasadakhale. Chapafupi n'kubwereka galimoto kapena kupempha m'bale. Ngati mukuyendetsa nokha, kumbukirani kuti kuno timayenda kudzanja lamanja, ndipo pokhota pamphambano ndi pamene mutu umabwerera ku Lilongwe.

Tsidya la mtsinjewo ndi America, chigawo cha New York. Ku Cornwall kuli mlatho wowolokera komweko. Viza ya Canada si ya America, ndiye mukaona zikwangwani zolozera ku USA, musazitsate n'cholinga chongokajambula pamlatho. Foni nayo imatha kugwira netiweki ya tsidya lija osakuuzani. Zimitsani roaming.

4. Zovala ndi ndalama

Nsapato zafulati zimene munaziyendera kale. Misewu ya m'mudzimo ndi yafumbi ndi timiyala, mbali zina matabwa, ndipo mahatchi amasiya zawo pamene afuna. Chipewa, botolo la madzi, ambulera yaing'ono. Musanyozere dzuwa la Canada poti mwachokera ku Nsanje: la mu Julayi limabwera ndi chinyontho cha mtsinje, thukuta osauma.

Mtengo wolembedwa pa katundu si umene mudzalipire. Ku Ontario amawonjezerapo msonkho wa 13 peresenti pa kauntala, ndipo mukadya pamalo okhala pansi n'kutumikiridwa, mwambo wake ndi kusiyapo ina yapamwamba, 15 peresenti kapena kuposerapo.

5. Fikani potsegula, ndipo yambani ndi zigayo

Tsiku langa loyamba ndinafika cha m'ma 2 koloko masana, ndikuganiza kuti maola awiri akwana. Ndinangothamanga nyumba ndi nyumba ngati wolembera kalembera, ndipo chimene ndinakumbukira pobwerera chinali kupweteka kwa mapazi basi. Mlandu unali wanga. Malowa amafuna maola anayi kapena asanu.

Mukalandira mapu pachipata, funsani nthawi imene makina azigwira ntchito tsikulo, chifukwa sayenda kosalekeza. Chakufupi ndi polowera kuli zinthu zitatu zodalira madzi a padziwe: fakitale ya ubweya ya Asselstine, chigayo cha tirigu cha Bellamy, ndi pochekera matabwa pa Beach. Yambani ndi zimenezi mutu ukadali wozizira. M'fakitale ya ubweya imani pang'ono muone malamba achikopa akuyenda kuchokera kudenga, aliyense kukazunguza makina ake, ubweya wa nkhosa ukulowa uli mbwee ngati thonje losapota n'kumatuluka uli ulusi, kenako bulangete. Pansi pamanjenjemera, fungo lake la mafuta a nkhosa, ndipo kuti mumvane ndi mnzanu muyenera kukuwa. Chigayo cha Bellamy chimagaya ndi mphero zamiyala, ndipo chilinso ndi injini ya nthunzi yothandiza madzi akachepa.

Kwinako yendani momwe miyendo ikufunira. Ikatopa pali ngolo yokokedwa ndi mahatchi, palinso bwato lafulati limene hatchi imalikoka ikuyenda m'mbali mwa ngalande.

6. Kulankhula ndi anthu a m'nyumbamo

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kufera, ndipo mabuku a alendo sanenapo kanthu chifukwa sanalembere ife.

Mzungu wa ku Toronto akaona mayi akuchapa ndi manja, kapena simbi yotenthetsa pamoto, amatulutsa foni n'kujambula modabwa. Ife timaona Lachiwiri lapitali kumudzi. Malume anga, titangolowa m'nyumba yachitatu, anandikokera pambali. "Mphwanga, mwandilipirira madola onse aja kuti ndidzaone khasu ndi nkhuni?" Sanalakwe. Ndipo pali kena kamene kamabaya mumtima ukaona moyo wa amayi ako uli chionetsero cha anthu odya ayisikilimu. Ambiri a ife zikatere timangoti "izi n'zakwathu zomwe", n'kufulumira kutuluka. Mukatero mwataya ndalama.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukalowa, perekani moni, imani pambali, ndipo yang'anani manja a munthuyo kwa kanthawi musanatsegule pakamwa. Mvetserani mmene akuyankhira ena. Akamati "anthu a nthawi imeneyo ankachita chakuti", ndiye kuti akulankhula ngati munthu wa lero ndipo mungamufunse chilichonse. Akamati "mwamuna wanga wapita kumunda", ali m'sewero, ndiye lowani naye m'seweromo. Malo ena, monga Plimoth Patuxet ku Massachusetts, ali ndi anthu amene amakhala m'chaka cha 1627 osatulukamo, moti mukawafunsa za ndege amakuyang'anani ngati mwapenga. Ku Upper Canada Village ambiri amene ndacheza nawo amayankha ngati anthu a lero. Chingerezi chanu chisakuchititseni manyazi. Amalandira anthu a zilankhulo zonse, ndipo Chifalansa chimamvekanso kwambiri kumeneko.

Ndiye musafunse kuti "ichi n'chiyani", poti mukuchidziwa kale. Funsani pamene moyo wawo ukusiyana ndi wathu, ndipo kusiyana kwakukulu ndi chisanu. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo m'munda simumera kanthu, nthaka imauma gwa ngati mwala, msipu umakwiririka ndi sinowo. Kulibe dimba lopulumukirako. Funsani kuti banja limodzi linkafuna nkhuni zochuluka bwanji, mudzaona kuti mendulo imodzi ndi masewera. Funsani za udzu wouma: umene amweta mu Julayi ndiwo unkalamula kuti ng'ombe zingati zifika chaka chamawa, zotsalazo kugulitsa kapena kupha. Pemphani akuonetseni kumene ankasunga mbatatesi, kaloti ndi maapozi, m'chipinda cha pansi pa nthaka kuti zisaume ndi chisanu. Nkhumba ankapha kukayamba kuzizira, n'kuithira mchere kapena kuifukiza utsi. Munthu wodziwa nkhokwe ndi mfutso amamva zimenezi msanga kuposa mwana wa mumzinda wa Montreal, ndipo mafunso ake amakhala akuthwa.

Funsaninso za ndalama. Pali mafamu awiri oyenera kuwaona motsatizana. La banja la Loucks ndi la mlimi wopeza bwino, nyumba yabwino, makina okokedwa ndi mahatchi. Linalo ndi la tenanti, wolima pamalo a mwini, ndi ng'ombe zapagoli ndi zida zamanja. Aliyense amene anakhalako pafupi ndi esiteti ya fodya safuna womumasulira. Funsani kuti mwini malo ankatenga gawo lotani, ndiponso kuti chaka chikavuta ngongole inkagwera ndani. Ku fakitale ya tchizi ya Union mudzamva za alimi osonkhanitsa mkaka wawo pamodzi m'mawa uliwonse, monga amachitira alimi a ng'ombe zamkaka ku Thyolo, koma popanda firiji njira yosungira mkakawo ndi kuupezera msika wakutali inali kuusandutsa tchizi. Mu 1866 imeneyi inali nzeru yatsopano, poti fakitale yoyamba yotere ku Ontario inatsegulidwa mu 1864.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chimatsegula zitseko: nenani zimene inu mukudziwa. Malume aja anali wocheka matabwa pa unyamata wawo, wa sowo ya anthu awiri, wina pamwamba pa chipika wina m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso. Titafika pochekera matabwa anangoti zii. Sowo ya pamenepo ndi yaitali, yoimirira, ndipo imakwera ndi kutsika ndendende ngati ya m'dzenje, kungoti oikoka ndi madzi, chipika chikusendera chokha pang'onopang'ono pa kangolo. Anayang'ana mano ake, kenako anandiuza kuti ndimufunse bamboyo kuti amanola kangati ndipo amawapinda bwanji kuti sowo isamakanirire m'thabwa. Bamboyo anasiya zimene amanena kwa gulu lija, n'kutembenuka. Anafuna kudziwa kuti afunsa ndani funso limenelo. Malume anakunga malaya, n'kuyamba kusonyeza ndi manja mmene wa pansi amakokera ndi mmene wa pamwamba amatsatira mzere wa makala. Ine ntchito yomasulira inandithera, poti awiriwo ankamvana ndi zala. Tinakhalapo pafupifupi ola, ndipo anthu ena anayamba kujambula malume m'malo mwa makina.

Antchito amenewa ambiri anaphunzira lusolo kuchokera m'mabuku ndi kwa anzawo a pantchito. Munthu amene anakhalapo ndi moyo wotero amabwera mwa kamodzikamodzi. Mayi anu akadziwa kuyesa kutentha kwa uvuni ndi dzanja, anene. Bambo anu akadziwa kuphunzitsa ng'ombe goli, afunse mawu amene kuno amaziuza pokhota. Kwa wokhoma zitini, amene amapanga ndowa ndi nyali ngati amisiri a pamsika wa Ndirande, yerekezani naye mapindidwe a msoko.

Pali mafunso ena olemera, ndipo muli ndi ufulu wowafunsa, mwaulemu. Malo amenewa anali a yani Azungu asanafike? Eni nthaka sanathe ayi: a Mohawk a ku Akwesasne ali pomwepa, pafupi ndi Cornwall. Mukaona chimanga, nyemba ndi maungu m'munda, dziwani kuti kubzala zitatuzi pamodzi, monga timachitira kwathu, anthu a mtundu wawo ankachita kalekale, ndipo shuga wa mumtengo wa maple Azungu anaphunzira kwa eni dziko. Nanga anthu akuda? Ena mwa ma Loyalists anabwera ndi akapolo. Lamulo la 1793 linaletsa kulowetsa akapolo atsopano mu Upper Canada koma silinamasule amene analipo kale, ndipo ukapolo unatheratu mu 1834. Wantchito amene mukumufunsayo si amene analanda malo, ndiye musamukweze mawu. Mukafunsa modekha mumapeza kuti ena anawerenga kwambiri za nkhanizi ndipo amangodikira wofunsa.

7. Chakudya

Ku Willard's Hotel amaphika zakudya za mtundu wakale ndipo operekera amavala za nthawiyo. Masana pamadzaza, ndiye pitani msanga kapena mochedwerako. Ife timanyamula mpunga ndi nkhuku m'kontena n'kudyera pa matebulo a panja, ndalamazo n'kugulira buledi. Bulediyo amaphika mu uvuni wanjerwa ndi ufa wa pachigayo chija, ndipo amagulitsidwa musitolo ya pachipata. Ndi wolemera, wokhutitsa, wosiyana ndi wa m'pulasitiki. Gulani mukangomuona, musati pobwerera.

Chakudya chimene amayi aja akuphika m'nyumba zachionetsero si cha alendo. Agogo auzeni pasadakhale, kuti asaone ngati awamana.

8. Ana ndi zithunzi

Kasukulu ka chipinda chimodzi, ka masileti ndi mabenchi, ana amakakonda, makamaka akamva malamulo a aphunzitsi a nthawiyo. Kosindikizira nyuzipepala aonetseni zilembo zachitsulo zimene amazisanja chimodzichimodzi chobwerera m'mbuyo. Asagwire chinthu asanaloledwe, asadyetse ziweto, ndipo asayandikire hatchi chakumbuyo. Mbaula za m'nyumbamo ndi zamoto weniweni. Kujambula n'kololedwa, koma munthu ngati mukufuna kuima naye, pemphani.

9. Musabwerere musanaone kumene nyumbazi zinachokera

Mudziwu sunakhalepo mu 1866. Nyumba zake anachita kuzitola malo osiyanasiyana, ndipo zingapo anazipulumutsa ku madzi. M'zaka za m'ma 1950 Canada ndi America anakumba njira ya sitima zikuluzikulu za pamadzi, St. Lawrence Seaway, n'kumanga damu la magetsi pafupi ndi Cornwall. Pa 1 Julayi 1958 madzi anayamba kukwera, ndipo midzi 10 inamira, monga Aultsville, Moulinette, Mille Roches, Wales ndi Dickinson's Landing. Anthu pafupifupi 6,500 anasamutsidwa. Nyumba zoposa 500 anazinyamula zathunthu pa makina kupita nazo kumalo atsopano, monga matauni a Ingleside ndi Long Sault. Tchalitchi choyera cha Christ Church chimene mudzalowemo chinachokera ku Moulinette. Ngakhale bwalo la nkhondo ya Crysler's Farm, imene inamenyedwa pakati pa asilikali a America ndi a Britain pa 11 Novembala 1813, mbali yaikulu ili pansi pa madzi, ndipo chipilala chake anachisamutsira pachitunda chili pafupi ndi mudziwu. A Mohawk a ku Akwesasne nawo anataya malo ndi nsomba zawo pa ntchito yomweyo.

Abale a ku Zambia ndi Zimbabwe chaka chimenechi akuchidziwa. Ndi 1958 yomweyo pamene damu la Kariba linatsekedwa, madzi n'kuyamba kudzaza chigwa cha Zambezi, Atonga pafupifupi 57,000 atachotsedwa m'midzi yawo. Iwo sanawanyamulire nyumba pa makina.

Choncho siyani ola limodzi la kumapeto. Potuluka musalowe mu 401. Tsatani msewu wa County Road 2 kulowera kum'mawa. Pa Ingleside khoterani mu Long Sault Parkway, msewu wolumikiza zilumba 11, zimene kale zinali nsonga za zitunda pakati pa minda. Mbali zina mumaona phula la msewu wakale likutsetsereka kulowa m'madzi. Pafupi ndi Long Sault pali Lost Villages Museum, kamalo kakang'ono ka nyumba zochepa zakale ndi zithunzi za midzi yomirayo, kosamalidwa ndi anthu ongodzipereka. Masiku ake otsegula ndi ochepa kuposa a mudzi waukulu uja, ndiye aoneni pa intaneti musananyamuke ku Ottawa, ndipo m'thumba mukhale ndalama yamanja yoponya m'bokosi la pakhomo.